Insulini amene mumabaya amachokera kuti? Mmene mabakiteriya amapangira mankhwala a shuga

Kabotolo ka insulini n'kakang'ono, kotha kubisika m'chikhatho. Koma kwa munthu amene thupi lake linasiya kupanga insulini, moyo wake uli m'kabotolo komweko. Akakhala masiku ochepa osabaya, shuga amakwera, thupi limafooka, ndipo akhoza kukomoka mpaka kumwalira.

M'boma la Mwanza, monga m'maboma ena onse, muli anthu otere. Ena amachokera kutali, monga ku Thambani, ku Tulonkhondo ndi ku Kunenekude, kukafuna mankhwalawa. Iwo ndi abale awo amakhala ndi mafunso: Kodi n'zoona kuti insulini amachokera ku nkhumba? Kodi ndi magazi a munthu wina? Bwanji sapangidwa ngati mapiritsi? Nanga n'chifukwa chiyani amawonongeka akatentha?

Yankho lalifupi ndi ili: pafupifupi insulini yense amene akugwiritsidwa ntchito masiku ano amapangidwa m'mafakitale ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya kapena yisiti. Tizilomboti timaweteredwa m'mathanki akuluakulu achitsulo, ndipo chimene chimatiuza nthawi yoyamba ntchito ndi chakudya chimene tikupatsidwa. Mukamvetsa mmene zimenezi zimayendera, mumvetsanso kasungidwe ka mankhwalawa ndi chifukwa chake jakisoni ayenera kuyendera limodzi ndi chakudya chanu.

Insulini ndi chiyani?

Mukadya nsima, mbatata, chinangwa kapena mpunga, thupi limagaya chakudyacho n'kukhala shuga wotchedwa gulukozi, amene amalowa m'magazi. Shugayu sangalowe yekha m'minofu kuti akapereke mphamvu. Amafuna womutsegulira khomo, ndipo wotsegulayo ndi insulini. Insulini amapangidwa ndi kapamba amene ali kuseri kwa chifu, yemwe achipatala amamutchula kuti pancreas.

Pali mitundu ikuluikulu iwiri ya matenda a shuga. Mtundu woyamba, wa Type 1, umayamba kawirikawiri mwa ana ndi achinyamata. Kapamba amasiyiratu kupanga insulini, ndiye wodwala amayenera kubaya jakisoni tsiku lililonse moyo wake wonse. Mtundu wachiwiri, wa Type 2, ndi umene uli ndi anthu ambiri. Thupi limapangabe insulini koma silimumvera bwino. Ambiri amayamba ndi mapiritsi monga metformin, ndipo ena pakapita zaka amafunikanso jakisoni. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi matenda a shuga.

Insulini ali m'gulu la mapuloteni. Puloteni ili ngati mkanda wolukidwa ndi timikanda ting'onoting'ono totchedwa ma amino acid. Mkanda wa insulini uli ndi timikanda 51 m'zingwe ziwiri, china cha 21 china cha 30, zomangirirana ndi kupindidwa mwa njira yake. N'chifukwa chake sangamwedwe ngati piritsi wamba. M'mimba angagayidwe monga mmene mumagayikira usipa kapena nyemba, asanafike n'komwe m'magazi.

Kale ankachokera kuti?

Nkhani ya nkhumba siinangopekedwa. Insulini anapezedwa m'chaka cha 1921 mumzinda wa Toronto ku Canada ndi Frederick Banting ndi Charles Best. Mu Januwale 1922, mnyamata wa zaka 14 dzina lake Leonard Thompson anakhala munthu woyamba kubayidwa mankhwalawa, ndipo anapulumuka. Kuyambira pamenepo, kwa zaka pafupifupi 60, insulini ankafinyidwa kuchokera m'kapamba wa ng'ombe ndi nkhumba zophedwa kuti zikhale nyama.

Njirayi inapulumutsa anthu ambiri koma inali ndi zovuta. Wodwala mmodzi ankafunika kapamba wa nkhumba makumi angapo pa chaka. Komanso insulini wa ziweto safanana ndendende ndi wa munthu. Wa nkhumba amasiyana ndi kamkanda kamodzi, wa ng'ombe timikanda titatu, ndipo matupi a odwala ena ankatupa kapena kuyabwa akabayidwa. Panafunika njira yopangira insulini wofanana ndi wa munthu popanda kudalira ziweto. Njirayo inachokera ku funso limene poyamba silinkakhudza n'komwe matenda a shuga: kodi bakiteriya amadziwa bwanji chakudya chimene chili pafupi naye?

Bakiteriya amadziwa bwanji kuti chakudya chafika?

Bakiteriya amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri dzina lake ndi E. coli. Amakhala m'matumbo a anthu ndi ziweto, ndipo mitundu yake yambiri siidwalitsa. M'kati mwake muli DNA, yomwe ili ngati buku la malangizo. Mutu uliwonse m'bukumo umatchedwa jini, ndipo umafotokoza kalukidwe ka puloteni imodzi. Majini amenewa si mizimu imene ena amaitchula ndi dzina lomweli, ndi malangizo a chibadwa amene chamoyo chilichonse chili nawo. E. coli ali ndi majini oposa 4,000.

Bakiteriya sawerenga mitu yonseyi nthawi imodzi, chifukwa kupanga puloteni kumadya mphamvu. Mwini chigayo saliza injini pomwe palibe wabwera ndi chimanga, angangotha mafuta pachabe. Bakiteriya nayenso amapanga chida chogayira chakudya pokhapokha chakudyacho chikapezeka.

M'zaka zoyambirira za m'ma 1940, wasayansi wa ku France dzina lake Jacques Monod anaona chinthu chodabwitsa. Akapatsa mabakiteriya mitundu iwiri ya shuga, monga gulukozi ndi shuga wa mumkaka wotchedwa lakitozi, iwo ankayamba ndi gulukozi. Gulukozi akatha ankaima kaye kukula kwa kanthawi, kenako n'kuyamba kudya winayo. Pa kanthawi koimako ankakhala akupanga zida zatsopano zogayira shuga wachiwiriyo. M'chaka cha 1961, Monod ndi mnzake François Jacob, ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris, anafotokoza mmene zimenezi zimachitikira. Mu 1965 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi André Lwoff.

Zimene anapeza ndi izi. Kumayambiriro kwa majini ogayira lakitozi kuli malo ena ake pa DNA amene ali ngati swichi. Pamalo amenewo pamakhala puloteni ina, ngati mlonda wokhala pachipata, yoletsa kuti majiniwo awerengedwe. Lakitozi akalowa m'bakiteriya, wina pang'ono amasinthidwa n'kukakamira mlondayo. Mlonda amasintha kapindidwe kake, n'kulephera kugwira DNA, n'kuchoka. Chipata chikatseguka, majini amawerengedwa ndipo zida zogayira zimapangidwa. Lakitozi akatha, mlonda amabwerera pamalo pake.

Palinso loko wachiwiri. Gulukozi akakhalapo wambiri, bakiteriya amachepetsa kulowetsa lakitozi ndipo swichi ija imagwira mofooka kwambiri. Choncho kuti chipata chitseguke ndithu pamafunika zinthu ziwiri: lakitozi akhalepo, gulukozi athe.

Asayansi anaibwereka bwanji swichi imeneyi?

Swichi siidziwa chimene ikuyatsa. Ya pakhoma m'nyumba mwanu ikhoza kuyatsa babu, koma mutalumikiza waya wake ku wailesi iyatsa wailesi. Swichi ya pa DNA ilinso chimodzimodzi. Mukaika jini lina kutsogolo kwake, bakiteriya adzawerenga jini limenelo nthawi iliyonse chipata chikatseguka, ngakhale puloteniyo ilibe ntchito kwa iye.

Izi ndi zimene anachita ofufuza a kampani ya Genentech ndi a chipatala cha City of Hope ku California, m'dziko la America, m'chaka cha 1978. Mwa iwo munali David Goeddel, Arthur Riggs ndi Keiichi Itakura. Popeza ndondomeko ya timikanda 51 tija inali yodziwika kale, analuka okha DNA yake mu labotale, osaitenga m'thupi la munthu. Anaiika kutsogolo kwa swichi ya lakitozi pa kamphete kakang'ono ka DNA kotchedwa plasmid, n'kulowetsa kampheteko mu E. coli. Mabakiteriya ena anapanga chingwe cha timikanda 21, ena cha 30, ndipo asayansiwo anazilumikiza. Mu 1982, insulini wopangidwa ndi mabakiteriya anavomerezedwa kuti azigulitsidwa ndi kampani ya Eli Lilly pa dzina la Humulin. Anali mankhwala oyamba padziko lonse opangidwa mwa njira yosintha majini a tizilombo.

Bwanji osangoisiya swichi ili yoyaka?

Mwina mukuganiza kuti zikanaphweka atangochotsa mlondayo kuti bakiteriya azipanga insulini usana ndi usiku. Koma mlimi amadziwa kuti mwana wa ng'ombe savekedwa goli. Amamudyetsa kaye akule, ndiye n'kumuyambitsa ngolo.

E. coli akakhala pamalo abwino amagawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse. Mmodzi yekha akhoza kubala oposa 1 biliyoni pa maola 10. Koma bakiteriya amene akupanga puloteni yachilendo amakula mochedwa, chifukwa mphamvu zake zikupita ku ntchito yosamupindulira. M'thanki mukapezeka wina amene wataya kamphete kaja, iye amaswana msanga kuposa anzake, ndipo posachedwa thanki imadzaza ndi mabakiteriya odya koma osagwira ntchito.

N'chifukwa chake ntchito ya m'fakitale imagawidwa pawiri. Poyamba swichi imakhala yozimitsa ndipo mabakiteriya amangodya ndi kuswana mpaka madzi a m'thanki atakhuthala ngati phala. Akachuluka mokwanira, swichi imayatsidwa ndipo onse amayamba kupanga puloteniyo nthawi imodzi kwa maola angapo, kenako amakololedwa.

Kadyetsedwe kake nakonso n'kosamala. Mukathira gulukozi wambiri nthawi imodzi, E. coli amadya mwadyera n'kumatulutsa asidi wofanana ndi wa mu viniga, amene amamufooketsa iye mwini. Choncho shuga amadonthezedwa ndi pampu, pang'onopang'ono ndi mtolo, uku makina akuyeza mpweya, kutentha ndi kuwawasa kwa madziwo mphindi iliyonse.

Poyatsa swichi ya lakitozi, ambiri amathira mankhwala otchedwa IPTG. Amafanana ndi lakitozi moti mlonda uja amapusitsika n'kuchoka pachipata, koma bakiteriya sangawagaye, ndiye chipata chimakhalabe chotsegula. Vuto lake ndi mtengo, makamaka pa thanki ya malita masauzande ambiri. Njira ina ndi yoika gulukozi ndi lakitozi pamodzi moyeza bwino. Mabakiteriya amakula akudya gulukozi, ndipo akatha amatembenukira ku lakitozi, swichi n'kuyaka yokha. Njirayi inafotokozedwa mwatsatanetsatane ndi wasayansi wa ku America, William Studier, mu 2005, koma muzu wake ndi zomwe zija Monod anaona kalekale.

Maswichi ena amayatsidwa ndi njala

Si swichi zonse zimene zimayaka chakudya chikafika. Zina zimayaka chakudya chikatha, ndipo opanga mankhwala amazikonda chifukwa sizifuna kuthira chinthu chodula.

Chitsanzo choyamba ndi tryptophan, kamodzi mwa timikanda tolukira mapuloteni. Akakhalapo wambiri m'madzi, bakiteriya amatseka majini opangira tryptophan, popeza palibe chifukwa chopangira chinthu chimene chikupezeka chaulere. Akatha, majiniwo amatseguka. Mukaika jini la insulini kutsogolo kwa swichi imeneyi, n'kuthira tryptophan wokwanira kukulira kokha, mabakiteriya amayamba ntchito pa nthawi imene mwakonza. Swichi imeneyi inagwiritsidwa ntchito popanga Humulin wochuluka woti agulitsidwe.

Chitsanzo chachiwiri alimi achimva msanga. Pathumba la feteleza wa NPK, chilembo cha P chikuimira chakudya chimene mbewu zimachilandira ngati fosifeti. Mabakiteriya nawonso amafuna fosifeti. Akayamba kusowa, E. coli amayatsa majini omuthandiza kusakasaka wotsala. Swichi ya limodzi mwa majini amenewa, lotchedwa phoA, ndi yamphamvu ndithu. Opanga mankhwala amayeza fosifeti woti athe pomwe mabakiteriya achuluka, ndipo njala yomweyo ndi imene imawalowetsa ntchito. Kampani ya Genentech yagwiritsa ntchito njirayi popanga mankhwala othandiza ana amene matupi awo sakukula chifukwa chosowa homoni yokulitsa.

Yisiti, wachibale wa uja mumatupitsira mkate ndi mandasi, nayenso amawetedwa motere. Kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark imapanga insulini wake ndi yisiti. Ya Biocon ya ku India imagwiritsa ntchito mtundu wina wa yisiti wotchedwa Pichia, umene uli ndi swichi yoyaka ukapatsidwa methanol, mtundu wa mowa umene kwa munthu ndi poizoni koma kwa yisitiyu ndi chakudya. Methanol ameneyu amathera m'fakitale momwemo, safika m'botolo.

Ngati muli ndi mwana, mwina analandira kale zopangidwa mwa njira imeneyi. Katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B, amene ali m'gulu la katemera woteteza matenda asanu yemwe Malawi anayamba kupereka mu 2002, amapangidwa ndi yisiti. Chimodzimodzi katemera wa HPV woteteza khansa ya khomo la chiberekero amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu Januwale 2019, komanso katemera wa malungo wa RTS,S amene Malawi anali dziko loyamba kumukhazikitsa mu Epulo 2019.

Kuchokera m'thanki kufika m'botolo

Kupangitsa bakiteriya insulini ndi theka chabe la ntchito. Masiku ano E. coli sapangitsidwanso zingwe ziwiri padera. Amapanga chingwe chimodzi chachitali, monga mmene kapamba wa munthu amayambira. Koma amachipanga mothamanga moti chimaunjikana m'kati mwake ngati mibulu, chosapindidwa bwino, ndipo puloteni yosapindidwa bwino siigwira ntchito.

Choncho mabakiteriya amaphwanyidwa ndi makina, mibuluyo imatsukidwa ndi kusungunulidwa, ndipo chingwe chimapatsidwa mpata woti chipindike moyenera ndi kumangika m'mfundo zake zitatu. Kenako chigawo chapakati chimadulidwa, n'kutsala zingwe ziwiri zija. Zikatero mankhwalawa amasefedwa kambirimbiri kuchotsa zotsalira za bakiteriya, DNA yake ndi poizoni wa pakhungu lake amene angatenthetse thupi. Gulu lililonse limayezedwa lisanatuluke m'fakitale.

Pomaliza amasakanizidwa malinga ndi ntchito yake. Insulini wogwira msanga amakhala woyera mbee ngati madzi ndipo amabayidwa munthu asanadye. Wooneka ngati mkaka wosungunula, wotchedwa NPH, amasakanizidwa ndi puloteni yochokera ku nsomba yotchedwa protamine kuti azilowa m'magazi pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Palinso wosakaniza mitundu iwiriyi, wolembedwa 70/30 kapena 30/70.

Mafunso atatu amene ambiri amafunsa

Kodi muli nkhumba? Ngati pabotolo palembedwa kuti human insulin, ndiye kuti ndi wofanana ndi wa munthu. Pakalembedwanso rDNA kapena recombinant, ndiye kuti wapangidwa ndi mabakiteriya kapena yisiti, sanafinyidwe m'chiweto ndipo sanatengedwe m'magazi a munthu. Ngati chikhulupiriro chanu sichilola nkhumba, pemphani wachipatala akuwerengereni zolembedwazo, musangosiya mankhwala.

Kodi akundibaya tizilombo? Ayi. M'botolo mulibe bakiteriya, wamoyo kapena wakufa. Mitundu ya E. coli ya m'fakitale ndi yoweta, si ija yotsegula m'mimba.

Kodi asintha chibadwa changa? Ayi. Amene anasinthidwa majini ndi bakiteriya, ndipo iye anatsala kufakitale. Chimene chikulowa m'thupi mwanu ndi puloteni yokha, imene imagwira ntchito maola angapo n'kutha.

Botolo lilibe swichi

Apa ndi pamene nkhani ya mabakiteriya ikukhudza mbale yanu ya nsima. Kapamba wa munthu wosadwala nayenso amamvera chakudya. Shuga akakwera m'magazi amatulutsa insulini wambiri, shuga akatsika amachepetsa. Koma insulini wa m'botolo sadziwa ngati mwadya kapena ayi. Mukabaya, wayamba ntchito basi. Swichi tsopano ndi inuyo.

Izi n'zofunika kwambiri m'miyezi ya Januwale mpaka Malichi, pomwe m'nkhokwe zambiri mumakhala mutatha ndipo ntchito ya kumunda ndi yolemetsa. Munthu akabaya mlingo wake wa masiku onse, n'kupita kukapalira osadya, shuga akhoza kutsika kwambiri. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, njala yadzidzidzi, mtima kuthamanga, chizungulire ndi kusokonezeka mutu. Zikatero imwani msanga masupuni aang'ono 3 kapena 4 a shuga osungunula m'madzi, kapena chakumwa chotsekemera, kenako idyani chakudya. Ngati munthuyo wakomoka, musamuthire chakumwa m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Koma kusowa chakudya si chifukwa chosiyira jakisoni. Wodwala shuga wa Type 1 amafunika insulini ngakhale tsiku limene sanadye kapena akudwala malungo. Akasiya, m'magazi mumachuluka asidi, amayamba kusanza, kumva m'mimba, kupuma mozama, ndipo akhoza kumwalira. Ngati kunyumba chakudya chachepa, kapena mukufuna kusala kudya pa zifukwa za chipembedzo, kambiranani ndi wachipatala pasadakhale kuti akuuzeni kasinthidwe ka mlingo.

Kasungidwe kake kumudzi kopanda firiji

Mphamvu ya insulini ili m'kapindidwe kake. Ganizirani dzira: mukaliphika, madzi ake oyera amalimba ndipo sangabwererenso mwakale. Kutentha kwambiri kumaononga insulini mofanana ndi mmenemo, ndipo kuzizira mpaka kuundana kumamuononganso.

Botolo losatsegula malo ake ndi mufiriji, pa madigiri 2 mpaka 8, kutali ndi mbali youndanitsa madzi. Botolo limene mwayamba kugwiritsa ntchito likhoza kukhala kunja kwa firiji pafupifupi milungu 4, pamalo ozizira. Nyumba zambiri za kumudzi zilibe magetsi, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala madera otsika a Mwanza ndi Neno amatentha zedi. Komabe pali nkhani yolimbikitsa. Kafukufuku wa bungwe la MSF ndi yunivesite ya Geneva, amene anatuluka mu 2021, anatsanzira kutentha kwa pamsasa wa anthu othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya, kumene kunkasinthasintha pakati pa madigiri 25 usiku ndi 37 masana. Anapeza kuti insulini anakhalabe ndi mphamvu kwa milungu 4. Choncho kusowa firiji kusakuletseni kutenga mankhwala kupita nawo kunyumba.

Chimene mungachite ndi ichi. Ikani mtsuko waung'ono wadothi m'kati mwa waukulu, thirani mchenga wonyowa pakati pake, vundikirani ndi nsalu yonyowa, n'kuuika pamthunzi podutsa mphepo. Botolo likhale m'kachitini kapena m'kapulasitiki kouma, lisamire m'madzi. Musalisiye pawindo, pafupi ndi moto, pansi penipeni pa denga la malata, kapena pamalo otentha mu minibasi. Lembani tsiku limene mwalitsegula.

Musanabaye yang'anani. Woyera uja akachita mbuu, kapena wa ngati mkaka akakhala ndi mibulu yosasungunuka mutamugubuduza m'manja, musamugwiritse ntchito. Onaninso kuti nambala ya pabotolo ikufanana ndi ya pa sirinji. Ngati botolo ndi la U-100, sirinji ikhalenso ya U-100. Botolo la 10 ml la U-100 lili ndi mayunitsi 1,000, ndiye mukhoza kuwerengera masiku amene likufikitseni n'kupita kuchipatala lisanathe.

Bwanji sitipanga tokha kuno?

Chakudya cha mabakiteriyawa si chodula: shuga, mchere wa mitundumitundu, madzi ndi mpweya. Nzeru yake inasindikizidwa kalekale ndipo imaphunzitsidwa m'mayunivesite. Chodula ndi fakitale. Pamafunika magetsi osazimazima, chifukwa mpweya ukasiya kulowa m'thanki yodzaza mabakiteriya ntchito yonse imaonongeka. Pamafunika madzi oyeretsedwa kwambiri, zipinda zopanda fumbi, makina osefera, akatswiri oyeza gulu lililonse, komanso msika waukulu wobweza ndalama zimenezi.

Malawi amagula insulini wake yense kunja. Pa msika wa dziko lonse, makampani atatu, Novo Nordisk, Eli Lilly ndi Sanofi, ali ndi gawo loposa 90 pa 100 alionse. Choncho ndalama zakunja zikasowa kapena mayendedwe akavuta, zotsatira zake zimafika mpaka pawindo lolandirira mankhwala. Mankhwala a m'zipatala za boma amagulidwa kudzera ku Central Medical Stores Trust, ndipo bungwe la PMRA ndi limene limavomereza mankhwala ololedwa kugulitsidwa m'dziko muno. Kwa anthu a m'boma la m'malire ngati Mwanza, kumene katundu wamitundumitundu amadutsa pachipata cholowera ku Zobue, chenjezo ndi lakuti insulini wogulitsidwa pamsika kapena m'chikwama simungadziwe kuti wakhala padzuwa masiku angati. Gulani kufamase yovomerezeka yokha.

Zinthu zayamba kusuntha pang'ono. Mu 2019 bungwe la WHO linayamba ndondomeko yoyeza ndi kuvomereza insulini wa makampani ena kuti mpikisano utsitse mitengo. Mu 2022 Eli Lilly inagwirizana ndi kampani ya Eva Pharma ya ku Egypt, ndipo mu 2023 Novo Nordisk inagwirizana ndi Aspen ya ku South Africa, kuti insulini azisakanizidwa ndi kuikidwa m'mabotolo mu Africa muno. M'mapangano onse awiriwa, insulini weniweniyo amachokera kwa makampani akuluwo. Ntchito ya m'thanki, ija ya mabakiteriya ndi maswichi awo, ndi imene yatsala kuti ifike pafupi.

Pa chisamaliro, chitsanzo chabwino chili pakhomo pomwe. Boma la Neno, limene linali mbali ya Mwanza mpaka 2003, lili ndi makiliniki a PEN-Plus pachipatala cha Neno ndi cha Lisungwi, amene anatsegulidwa mu 2018 ndi Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo. Kumeneko odwala shuga wa Type 1, matenda a mtima ndi a sickle cell amathandizidwa ndi ogwira ntchito ophunzitsidwa mwapadera, osadikira kupita ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mu 2022, mayiko a mu Africa amene ali m'bungwe la WHO anagwirizana kuti njira imeneyi ifalikire m'zipatala za maboma.

Ngati mwana wanu akumva ludzu losatha, akukodza pafupipafupi, wayambiranso kukodza pogona, akuonda chonsecho akudya, kapena nyerere zikuunjikana pamene wakodza, musadikire. Pitani naye kuchipatala lero ndipo pemphani kuti amuyeze shuga. Kuyezako n'kwa kadontho kamodzi ka magazi a pachala, ndipo zotsatira zimatuluka nthawi yomweyo. Akakuuzani kuti afunika jakisoni, funsani zinthu zinayi musanachoke: mtundu wa insulini amene mwapatsidwa, nthawi yobayira poyerekeza ndi nthawi yodya, zochita tsiku limene chakudya chasowa, ndi tsiku lobwerera botolo lisanathe.